Wonga Wosinja wa Amayi

Abambo anga anagwira ntchito yosefa tiyi kufakitale ya ku esiteti mpaka kupuma, ndiye zala zawo zinkadziwa kusiyanitsa zinthu ngakhale atatsinzina. Kunyumba, chakumtunda kwa Milonde, anali ndi mfuti ya gogodera, yothira wonga kukamwa n'kutsindira ndi kachitsulo. Anali mkamwini pamudzi wa amayi, ndipo ulemu wawo wonse unali pa mfuti imeneyi, chifukwa ndi yomwe inkathamangitsa anyani otsika m'phiri kudzakolola chimanga chathu.

Wongawo unali wamitundu iwiri. Wokhakhala, wooneka ngati njere za mawere, ankathira mumpope. Wosalala ngati ufa ankangotsina pang'ono n'kuika poyatsira. Ankati wosalalawo umapsa msanga kwambiri, moti ukadzaza mumpope wokalamba ngati wawowo, mfuti imaphulikira mwini wake. Sizinali zongoopseza. Achimwene awo a amayi anamwalira choncho ine ndisanabadwe, ndipo amayi ankati akamva dzina lawo amatuluka panja.

Chaka chimenecho zipani zinali zitangochuluka, nkhondo ya ku Mozambiki itatha, ndipo mkulu amene ankatibweretsera wonga kuchokera kutsidya anasiya kubwera. Unatsala wokhakhala wa m'botolo limodzi basi. Kenako chiperoni chinagwa, denga n'kudontha, wonga uja n'kuundana mibulumibulu. Abambo anali kumaliro ku Thuchila. Amayi, munthu wosafuna kuona chinthu chikuwonongeka, anauyanika palichero, n'kuusinja m'kamtondo ka nsinjiro, n'kuusefa bwinobwino. Anachita mwachikondi, mayi anga, monga ankachitira ndi chilichonse cholowa m'manja mwawo.

Ine ndinali nditangofika kuchokera kothyola tiyi pamene abambo, atabwerako kumaliro kuja, ankalandira botololo. Amayi anali akumwetulira.

"Ndakukonzerani, bambo. Mibulu yonse yatha."

Abambo anapungulira pang'ono pachikhatho, n'kufikisa ndi chala.

"Mwachita bwino, mayi," anatero.

Amayi atapita kumadzi, ndinawafunsa ngati wongawo ungagwirenso ntchito. Anapukusa mutu.

"Usawauze amako. Akadziwa kuti anatsala pang'ono kundipha ngati mmene anafera mlongo wawo, sadzagonanso tulo."

Ndinakwiya, osati pang'ono. Ndinati kodi munthu wamkulu ngati amayi sangauzidwe zoona? Abambo anangonditembenuzira msana n'kukakoleka mfuti kudenga.

Chimanga chitayamba kukhwima anyani anatsika. Abambo ankapita kumunda ndi legeni ndi chitini chogogoda, bambo waimvi kumathamanga m'mizere akukuwa. Anyani si opusa, ankangokhala pamwala n'kumawayang'ana, chinsononkho kukamwa. Chaka chimenecho tinakolola zochititsa manyazi, ndipo chotsatiracho chimodzimodzi. Amayi anayamba ndi kufunsa, kenako kudandaula, mapeto ake kunyoza.

"Wonga ndinakukonzerani, mfuti ilipo. Chikukuvutani n'chiyani? Mantha?"

"Maso, mayi. Sakuonanso patali."

"Maso? Nanga singano mumalowetsa ulusi bwanji?"

Abale a amayi nawo anatola nyimboyo. Pamowa ankati mkamwini uja wafooka, akuopa apolisi a boma latsopano. Abambo ankaseka nawo. Ine kuseka kumeneko kunkandinyansa, ndipo kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma iwo ankangondiyang'ana, ine n'kutseka. Amayi anasiya kuwadikira pachakudya. Anthu awiri amene kale ankapita limodzi kumsika akucheza ngati chibwenzi anayamba kuyenda wina patsogolo wina pambuyo. Zimandiwawa mpaka lero.

Patapita zaka zingapo amayi anadwala, tinawagoneka kuchipatala ku Boma. Tsiku lina masana anandituma kuti ndiitane abambo, amene anali atakhala panja pansi pa mtengo. Atalowa, amayi anawagwira dzanja, mawu akutuluka movutikira.

"Bambo, za munda zija. Ndinakunenani kwambiri. Mantha amagwira aliyense akakula. Ndakukhululukirani."

Ndinayang'ana abambo. Mumtima ndinkati nenani tsopano, nthawi ndi yomweyi, apite akudziwa mwamuna amene anakwatiwa naye. Abambo anawerama, n'kuwakonzera bulangete kumapazi.

"Zikomo, mayi," anatero.