Faifi Tambala Imene Ndinaboola

Tsiku limenelo tinalipo anayi m'fulati ya ku Edmonton, kuno kutsidya kwa nyanja: ine, mwana wanga wamwamuna, mpongozi wanga amene anali atangoweruka kuchipatala yunifomu ili m'thupi, ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene amamva Chichewa chonse koma kuyankha kwake n'Chingerezi. Patebulo panali kandalama kanga, faifi tambala yakale, imene ndimasunga m'kabokosi ka magalasi.

Mdzukuluyo anauzidwa kusukulu kuti abweretse chinthu chakale cha kwawo, ndiye ndinamutulutsira. Ndi kandalama koyera ngati siliva ngakhale si siliva, m'mphepete muli timizere tokanda chala. Mbali ina kuli mbalame ya khosi lalitali ngati kakowa, mbali ina kuli mutu wa Mwini Dziko wa masiku amenewo. Dzina lawo sinditchula. Ine mawu anga amamveka kuchokera pasiteji ya basi mpaka pansanjika yachitatu, koma dzina limenelo pakamwa panga panazolowera kulimeza. Pakati penipeni pa kandalamako pali bowo.

Mwana anakajambula ndi foni, nayamba kuwerenga zimene zinatuluka pafonipo. Bambo ake anandimasulira. Akuti kuno alipo anthu amene amatolera ndalama zakale za maiko n'kumazisunga m'mabuku, ndipo amafuna zonyezimira, zosakandika. Iyi ikanakhala yabwinobwino bwenzi ikugulika, koma mtengo wake sungafike ngakhale wa basi yopita ku Romford. Tsono ndi bowoli, akuti ndi yowonongeka.

Ndinakuwa mpaka mpongozi anathamangira kukatseka zenera. Yowonongeka? Bowo limeneli linatsala pang'ono kudya abambo anga! Ndinawauza kuti akhale pansi onse, ndipo zimene ndinawafotokozera ndi zimene ndikulemba pano. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, cholembera chimandilemera kuposa njerwa, koma nkhaniyi ndilemba ndekha.

Linali dzinja limene ndalama zinasinthidwa. Mapaundi, masheleni ndi makhobidi anali kutha, kukubwera kwacha ndi tambala. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, njira zonse matope. Ine ndinali ndi zaka ngati khumi. Abambo anali wokhoma ndowa ndi nyali za koloboyi pakhonde pathu, pafupi ndi msika. Tsiku lonse pakhomo pathu pankamveka nkho, nkho, nkho, ndi fungo la mtovu wosungunuka. Amalume, achimwene awo a amayi, anali mkulu wa anyamata a malaya ofiira, aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Akamayenda ankaponda ngati nthaka ndi yawo yokha.

Ndi amalumewo amene anandipatsa faifi tambala yatsopano, ikuwala ngati diso la nsomba. Aphunzitsi anali atatiwonetsa kale ina m'kalasi, ataigwira m'mphepete ndi zala ziwiri. Anati, “Ndalama iyi sitiponda, sitiluma, sitiponya m'fumbi. Pali nkhope.” Ine ndinamva, koma ndinamva ngati mmene mwana amamvera mvula padenga.

Mlongo wanga wakhanda anali kumera mano, m'mimba mukutseguka. Kwathu mwana akatero ankamumangira mkuzi m'chiuno, kachingwe kamene ankalowetsapo khobidi lakale, lija lofiirira la bowo pakati ndi njovu ziwiri. Kaya linkachiza kaya ayi, musandifunse, ana onse a kwathu tinakula nalo. Koma makhobidi aja anthu anali atakawasintha. Amayi anayenda makomo atatu osalipeza. Ndinawamva akudandaula kuti, “Ndalama za masiku ano zilibe ndi pomangira pomwe.”

Ine n'kuti, pomangira? Mwana wa wokhoma ndowa alipo pano! Abambo atapita kukagula malata, ndinatenga msomali ndi hamala, ndinaika kandalama pachitsa, mbalame ikuyang'ana kumwamba. Ndinayeza pakati bwinobwino monga linkakhalira khobidi. Kumenya kanayi, bowo linatuluka. Ndinalisalaza ndi tupa. Ngakhale lero ndinena, ntchito inali yaukhondo, munthu wamkulu sakanaposa pamenepo. Chimene sindinachite ndi kutembenuza. Msomali unali utatulukira patsaya la Mwini Dziko, pafupi ndi khutu, ngati polowa chipolopolo.

Amayi anasangalala. Anamangirira mbalame ili kunja, nawonso osatembenuza.

Patapita masiku awiri anapita ndi mwana kusikelo. Kumeneko mwana amavulidwa kuti amupime. Mayi wina wa m'chipani anawona kandalama kakulendewera, anakagwira, anakatembenuza. Anangowayang'ana amayi n'kutuluka. Amayi anafika kunyumba akuthamanga, mpango uli m'manja, mwana akulira kumsana.

Inu obadwa mochedwa simungamvetse. Masiku amenewo munthu wina pamsika pathu anatengedwa chifukwa anakulunga usipa m'nyuzipepala imene inali ndi nkhope ija. Sitinamuwonenso. Nanga kuboola nkhopeyo ndi msomali, n'kuimangira pachingwe ngati mankhwala? Kumeneko kunali kulodza Mwini Dziko. Panalibe dzina lina.

Dzuwa lisanapendeke amalume anafika okha, malaya ofiira atanyowa ndi mvula. Anamunyamula mwana, anayang'ana m'chiuno, anamubweza. Anafunsa motsitsa, “Waboola ndani?”

Abambo anati, “Ndine.”

Ine mtima unandipsa. Ntchito ndagwira ine, dzina atenge wina? Ndinakuwa ndi mawu anga omwewa, “Abambo akunama! Ndaboola ndine! Kanayi kokha!”

Amayi anandimenya pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anali asanandimenyepo chibadwire. Ndinalawa magazi, amchere, ofunda. Amalume anatenga sizasi yodulira malata, anadula mkuzi, anaponya kandalama m'thumba la pamtima la malaya awo, n'kumanga batani. Anati, “Uwu ndi umboni. Ndipo iwe, ukatsegulanso kukamwa kumeneko, bambo ako sudzawaonanso.” Anatuluka osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo hamala inaleka kulira pakhomo pathu. Anthu amene anasiya ndowa zawo kuti zimatidwe sanabwere kudzatenga. Anzawo a amayi akatiwona pachitsime ankadikira patali mpaka titachoka. Abambo ankavala malaya awiri ndi nsapato kuyambira m'mawa, kunja kukutentha chotani, chifukwa wotengedwa amapita ndi zimene wavala. Ankangokhala pachitsa chija, manja ali pamaondo. Tsiku lina ndinawapeza akuwaonetsa amayi mmene amasungunulira mtovu. Sindinamvetse kuti mkazi aphunzirenji zimenezo. Lero ndikumvetsa.

Kusukulu chithunzi cha Mwini Dziko chinali pamwamba pa bolodi. Ndikakhala kumanzere chinkandiyang'ana, ndikasamukira kumanja chinkandiyang'anabe. Ndinkayang'ana tsaya lija kuwona ngati layamba kutupa. Ndinkakhulupirira ndithu kuti munthuyo akumva kuwawa kumene aliko, ndipo akudziwa kuti ndine. Poimba nyimbo zowatamanda, ine amene ndinkatsogolera kalasi yonse, mawu ankakana kutuluka. Aphunzitsi anandiyang'ana tsiku lina nati, “Mwana iwe, imba. Kusaimba kumawoneka.” Ndinaimba.

Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkathawira m'chimanga. Ndinkagona chafufumimba pakati pa mizere, masamba akundicheka m'khosi, nyerere zikundikwera, fungo la dothi lonyowa lili m'mphuno. Ndinkawerenga manambala mumtima mpaka phokoso litatha. Zambiri zinali malole a fodya. Ndikatuluka ndinkayamba ndasuzumira ngati abambo akadali pachitsa.

Masabata awiri anatha choncho, mwina atatu. Tsiku limene galimoto inabweradi sindinathawe n'komwe, chifukwa ndinali nditanyamula mwana. Anali masana, dzuwa lili paliwombo. Landirova inaima pakhonde penipeni, matayala ali matope okhaokha. Munatsika amuna anayi achilendo, wina wa jekete ndi chipewa, ndipo pambuyo pawo amalume.

Wa jekete anati, “Tamva kuti pano pali ndalama yolasidwa. Itulutseni.”

Abambo anati sakudziwa za ndalama yotero.

Amene anayamba kukuwa anali amalume. Anakankha ndowa zonse ndi phazi, zinagubuduka mpaka mumsewu. Analowa m'nyumba, anang'amba mphasa, anakhuthula ufa pansi, anaswa mtsuko wa amayi, mlongo wawo weniweni. Enawo anasecha m'matumba a abambo, anawavula nsapato, anamasula mfundo ya chitenje cha amayi, anafukula paziko, anasolola udzu wa padenga. Mmodzi anandigwira chibwano, analowetsa chala chonunkha fodya m'kamwa mwanga, kufufuza pansi pa lilime.

Ine maso anga anali pamalo amodzi, pathumba la amalume. Batani linali lomanga. Malaya anali atamatirira ndi thukuta, ndipo ndinkawona kozungulira kaja kakudinda nsalu. Akawerama, mtima wanga unkaima. Akakweza dzanja kupukuta nkhope, ndinkati basi, akutulutsa. Mkodzo unatsika mwendo wanga mwana ndili naye m'manja. Sindichita manyazi kulemba zimenezi.

Wa jekete anandilanda mwana, anamuvula. M'chiuno munali mkuzi watsopano, ndipo pamkuzipo khobidi lakale lofiirira, la njovu ziwiri. Ine ndinali ndisanaliwone. Kumene linachokera sindikudziwa, amayi sananene mpaka kumwalira kwawo. Munthuyo analitembenuza uku ndi uku, analavula pansi. Anati, “Ndi ichi chimene mwatiyendetsera mtunda wonsewu?”

Amalume anati, “Abisa, agalu amenewa.” Anapita kwa abambo n'kuwawomba mbama, pamaso pa ife ana, mpaka chipewa cha abambo chinagwa m'matope. “Asiyeni m'manja mwanga, bwana. Ndiwayang'anira ndekha. Akadzangotsokomola, ndidzakuuzani.”

Landirova inapita. Abambo anatola chipewa, anachikuntha, anayamba kutolera ndowa mumsewu. M'mawa mwake hamala inalira.

Ine ndinatsimikiza mumtima kuti ndawadziwa amalume. Anatiseweretsa ngati mphaka ndi khoswe. Umboni anali nawo pamtima, ndipo anausunga kuti atigwire pakhosi moyo wonse, kuti tizimugwadira. Amayi ankawapatsabe moni, abambo ankawamatira ndowa ulere, ine ndinkati ndi mantha. Ineyo ayi. Kuyambira dzinja limenelo sindinawapatsenso dzanja. Nditakula n'kukhala kapitawo wa omanga nyumba ku Blantyre, anabwera kawiri kudzandiwona, atakalamba, malaya ofiira aja anthu atayamba kale kupukutira mbale. Kawiri konse ndinatuma mwana kukanena kuti ndachoka, mawu anga akumveka m'nyumba. Atamwalira sindinapite kumaliro. Patatha mwezi akazi awo ananditumizira kansalu komanga mfundo, akuti malemu anati chimenechi n'cha mwana wa mlongo wawo. Kumasula, faifi tambala yanga. Ndinati onani munthu uyu, ali m'manda koma akundikumbutsabe kuti anandigwira.

Ndinaisunga kuti ana anga adzadziwe kuti mbale wako ndi amene amakudya. Ndinawoloka nayo nyanja m'thumba la jekete pamene mwana wanga ananditenga kudzakhala kuno. Ndipo ndi mmene ndinamalizira kuwauza tsiku lija. Ndinamenya tebulo, ndinati, “Kauzeni a pafoniwo kuti mtengo wa ndalama iyi sangaukwanitse!”

Mdzukulu anali atasiya foni. Mpongozi anapita kukateleka madzi a tiyi, akupukuta m'maso. Mwana wanga anasendera patebulo. Anangotenga kandalamako, anakayang'ana mbali zonse, anakabweza m'kabokosi.

Analankhula m'mawa mwake, akundiperekeza kuchipatala kukapimitsa shuga. Tinali pasiteji, mphepo ikuluma makutu, ine ndikudandaula kuti basi yachedwa. Anandikonza kolala ya jekete ngati ndine mwana, nati:

“Ababa, mwatiuza nokha kuti anasecha paliponse, padenga, paziko, mpaka m'kamwa mwanu. Ndiye mumafuna amalume aibise kuti?”