Mmene Esinati Anachedwera m'Kamera ya Ba Sekani

Ndikukumbukira komboni ya George m'zaka za mizere. Ufa unali wa makuponi, shuga wa pamzere, mafuta ophikira a pamzere, ndipo sopo Amayi ankamudula ndi ulusi ngati keke. Mzere wa shuga unali wautali moti mnansi wathu wina anaulowa asanakwatire, n'kutulukamo ndi mkazi, ana awiri ndi paketi imodzi. Ndikulumbira, ana akewo ndinaphunzira nawo.

M'zaka zimenezo ndi mmene mkulu wanga Esinati anapezera banja. Ine ndinali mzime, kamtsikana ka zaka ngati khumi. Alamu anali mphunzitsi wa ku Dedza, kwawo kwa makolo athu, ndipo tonse tinkadziwa kuti ukwati ukangotha amutenga Esinati kupita naye ku Malawi. Masiku amenewo ku Malawi kunali kutali. Wokwatiwa kumeneko sunkadziwa kuti udzamuonanso liti. Komanso maso a Amayi anali atayamba ng'ala, ndiye zithunzi za ukwatiwo sizinali zokongoletsera khoma ayi. Zinali zoti Amayi aziona mwana wawo maso akadalipo.

Wojambula wa m'dera lathu anali Ba Sekani. Dzina lawo lenileni palibe ankalidziwa. Ankatchedwa choncho chifukwa ndi mawu okhawo amene ankanena asanadine kamera, ngakhale pamaliro. Situdiyo yawo inali kachipinda pafupi ndi msika, konunkha parafini ndi polishi wa nsapato, kokhala ndi chinsalu chojambulidwa ndege ndi nyumba zosanja. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo inkasowa kuposa nyama. Choncho ankaigawa ngati nkhuku ya pa Khirisimasi: ukwati dazeni, maliro zinayi, ubatizo ziwiri.

Abambo, amene anali kalipentala ndipo ntchito inali itawathera, anapita kukakambirana nawo atavala jekete, ine ndikuwatsata.

"Ameneyu ndi mwana wanga woyamba," anatero Abambo. "Ndikufuna zithunzi zambiri, zoti alendo aziona mpaka kutopa."

"Ba mudala, wojambula wamene alonjeza vambiri ni wabodza," anayankha Ba Sekani. "Ine nilonjeza dazeni, koma aliyense achoka na mutu wake na miyendo yake. Muli na mwayi, filimu ili mukamera yasala che dazeni. Muli maliro na maubatizo, imwe muzasiliza."

Abambo anakwinya nkhope. "Mwana wanga agone m'filimu imodzi ndi maliro? Ayi. Mutsegule yatsopano, yosakhudzidwa."

Ba Sekani anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwauza kuti aganize bwino. Koma Abambo anali munthu woganiza kamodzi. Malo athuwo anatengedwa ndi banja lina, lomwe linaona zithunzi zake sabata yomweyo.

Tsiku la ukwati ndimalikumbukira ndi mphuno: fumbi la pabwalo la tchalitchi, nkhuku yokazinga, thobwa la munkoyo lowawasa m'zidebe. Ine ndinali woponya maluwa, m'diresi losokedwa kuchokera ku katani ya pazenera, ndi nsapato zobwereka zoika nyuzipepala kumapeto. Ba Sekani ankakweza kamera, anthu n'kuuma ndi kumwetulira, iwo n'kuitsitsanso osadina chifukwa wina waphethira. Chithunzi chimodzi ankachizungulira ngati munthu wogula ng'ombe. Azakhali athu anamwetulira nthawi yaitali kwambiri moti madzulo tinachita kuwathowa nsagwada ndi madzi ofunda. Sindikuwonjezera. Patangopita masiku ochepa basi inamutenga Esinati, ndipo m'nyumba munakula mwadzidzidzi.

Abambo atapita kukatenga zithunzi, anabwera chimanjamanja. Filimu siichoka m'kamera isanathe, ndipo ife tinali titangodya dazeni yoyamba. Zotsalazo zinkadikira anthu ena. Maliro amene Abambo anawakana aja ndi amene tsopano akanatithandiza, ngakhale palibe ankanena zimenezi mokweza.

Vuto linali lakuti anthu anali atasiya kujambulitsa. Achinyamata ankangolowana mwakachetechete, wina n'kusamutsa chikwama chake kupita kwa mnzake, ukwati watha. Amayi ataona choncho anasanduka ankhoswe a komboni yonse. Anakwatitsa wogulitsa makala ndi mayi wamasiye wa m'kwaya, anthu amene asanatero ankangopatsana moni. Ananyengerera banja lina kubatiza mwana amene anali atabatizidwa kale ku mpingo wina. Mtsikana akangoima ndi mnyamata pampopi, Amayi ankafika ndi funso limodzi: "Wojambula mwamupeza?"

Loweruka lililonse tinkapita ku situdiyo, ine nditawagwira dzanja powolotsa ngalande. Pamwamba pa kamera panali kazenera kakang'ono koonetsa nambala, ndipo ine ndinkawawerengera. Kenako Ba Sekani ankawapatsa kamerayo kuti aigwire. Amayi ankaiika pamiyendo ngati khanda.

"Ali bwino m'menemo?" ankafunsa.

"Ali che bwino, bamayi. Sanayonde."

Ankaseka onse awiri.

Nambala inkakwera pang'onopang'ono, maso akutsika mofulumira. Anayamba kulephera kulowetsa ulusi pasingano. Kenako tsiku lina anapatsa moni mgolo wa madzi poyesa mkulu wa mpingo, ndipo anatiuza kuti sanawaonepo abambo amenewo akumvetsera bwino choncho. Tinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka. Abambo okha ndi amene anatuluka panja.

Mvula itayamba, nambala inafika pa 34 n'kuima. Kunatsala ziwiri basi, koma komboni inali itathera maukwati, ndipo Ba Sekani sakanadina filimu pachabe, poti imeneyo ndiyo inali chakudya cha ana awo. Madzulo ena tikudya, Amayi ananena mofatsa, osayang'ana aliyense, "Musavutike nazo, bambo. Zikadzabwera mudzandifotokozera."

Kutacha tinamva hamala padenga. Abambo anazula malata awiri pa khitchini yathu, n'kuwasenza pamutu kupita nawo ku situdiyo, kumene denga linkadontha mpaka pa chinsalu cha ndege chija. Anakhoma m'mawa wonse. Atabwera anasamba, kuvala jekete, n'kuima pakhomo kuitana Amayi.

"Naphiri, valani chitenje cha ku tchalitchi. Tikajambulitse."

Anthu awiriwo anali asanajambulidwepo limodzi chikwatiranireni. Anakhala pabenchi patsogolo pa ndege yonyowa mapiko, Ba Sekani anati "Sekani!" kawiri, kenako tinamva kamera ikulira pokulunga filimu. Nyimbo yokoma ngati imeneyo sindinaimvenso, ngakhale ku kwaya.

Filimu inapita kukatsukidwa m'tauni, ndipo envelopu inafika masana dzuwa litatuluka pakati pa mitambo. Amayi anakhala pakhomo pomwe panali kuwala kwambiri. Chithunzi choyamba anachipsompsona nthawi yomweyo, ndipo panalibe wolimba mtima kuwauza kuti chovala choyeracho chinali mkanjo wa abusa. Koma iwo eni anazindikira, n'kuchiika pambali mwaulemu. Anatenga china, china, kufikira atapeza chimene Esinati anaima yekha. Anachiyandikitsa pa diso lamanja, lomwe linali litatsala ndi kampata, mphuno ikukhudza pepala. Anachisuntha pang'ono pang'ono ngati akufufuza nsabwe m'mutu mwa mwana.

"Ndi uyu," anatero. "Taonani, akudziluma mlomo. Akufuna kulira koma akuopa apongozi."

Tinayang'ana tonse, ife a maso athunthu, ndipo zinalidi choncho.

Masana aliwonse ankakhala pakhomopo ndi dazeni yawo, mpaka nyengo yozizira pamene maso anatsekeka. Pofika nthawiyo anali ataziloweza. Chilichonse ankachidziwa ndi chala, ndipo mlendo akabwera ankamuonetsa yemwe waima pati, yemwe wabwereka nsapato za yani, popanda kuphonya.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anakwatiwa. Wojambula wake, mnyamata waulemu wokhala ndi makamera awiri ndi kandege kojambula kuchokera kumwamba, analonjeza zithunzi mazana asanu ndi atatu, ndipo zinalowa m'foni alendo asanamalize kutsuka mbale. Ndinazipukusa ndi chala mpaka chinatupa. N'zokongola, aliyense ali ndi mutu wake ndi miyendo yake. Koma palibe anazidikira, ndipo sindikudziwa ngati alipo amene anaziona zonse, ngakhale mkwatibwi. Mnyamatayo atandifunsa ngati zakwanira, ndinamuuza kuti azilonjeza zimene munthu mmodzi angathe kuziloweza. Anaseka, poyesa nthabwala za agogo.

Dazeni ija ili ku Dedza kwa Esinati, m'makona mutathetheka ndi zala za Amayi. Ine ndinatsala ndi ziwiri zomalizira. Amayi akuyang'ana pambali pang'ono, kumene anamva mawu a wojambula. Abambo sakuyang'ana kamera n'komwe, akuyang'ana mkazi wawo, ndipo pa zala zawo pakuoneka dzimbiri la malata. Mvula ya chaka chimenecho inatinyowetsa m'khitchini mpaka kumapeto kwa dzinja, koma sindinamvepo munthu akudandaula.