Nsalu Yoyera Pakhomo pa Amayi

Ndinali nditakwatiwa kale pamene mzungu wokonza makanema anafika papulazi ya fodya imene tinkakhala, kufupi ndi Selous. Wailesi ya kanema inali itangoyamba kumene ku Salisbury, ndipo ife a mukomboni tinkangoimvera mbiri. Mzunguyo ndiye ankalamula onse, wogwira kamera ndi onyamula nyali. Ngakhale mwini pulazi ankakhala chete munthuyo akakweza dzanja.

Anakonda kujambula bambo anga, amene ankasankha fodya mushedi. Ankawabwerezetsa kutambasula tsamba limodzi lomwelo mpaka kuwala kwa pazenera kutagwera bwino pa zala zawo. Bambo pobwera kunyumba ankaseka, amvekere, "Koma ndiye ndi wodekha, ngati mlimi wodikira mvula."

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho bambo anamwalira ndi chifuwa.

Pasanapite nthawi mzunguyo anabweranso ndi makina ake kuti ationetse zimene anajambula. Koma tinali tisanamete maliro, ndipo mwambo sunkalola namfedwa kukakhala pagulu la anthu osangalala. Azakhali, mlongo wa bambo, anaumirira kuti amayi asapiteko.

"Mulamu, mukatuluka, komboni yonse idzati simunalire."

"Ndingoona nkhope yokha, mulamu," anatero amayi. "Ngakhale chithunzi chawo ndilibe."

Akapitawo anakamufotokozera mzunguyo. Iye sanatsutse mwambo. Anazungulira komboni mwakachetechete, akuyang'ana mitengo ndi nyumba, kenaka analamula kuti nsalu yoonetserapo ichotsedwe pakhoma la shedi, ikamangidwe pakati pa mitengo iwiri moyang'anana ndi khomo lathu. Anthu onse anawakhazika mbali inayo.

Kutangoda, injini inalira, kuwala kunaboola nsalu n'kufika kwa ife. Tinali m'nyumba, chitseko chili chotsegula. Tinaona minda, ng'ombe, utsi wa mabalani oumitsira fodya. Kenaka bambo, aakulu kuposa nyumba, akuphethira, akupuma.

"Kalanga ine!" anakuwa azakhali. "Achimwene asanduka amanzere!" Poti tinkaonera kumbuyo kwa nsalu, zonse zinatembenuka. Anaseka, misozi ili chuchuchu.

Ine ndinangogwada. Ndinkadziwa kuti thupi la bambo lili m'manda, kuseri kwa munda wa chimanga. Koma mumtima ndinati, ngati munthu wopangidwa ndi dothi, wa masiku owerengeka ngati udzu, angathe kusunga nkhope m'chitini n'kuidzutsa ndi kuwala, nanga Iye amene analenga kuwalako? Kodi angaiwale ndi tsitsi limodzi lomwe la atumiki ake? Kuuka kwa akufa ndinkakuvomereza m'tchalitchi Lamulungu lililonse, koma tsiku limenelo ndinakuopa.

Amayi anakhala pamphasa, zala za kumapazi zitangofika pakhomo osadumpha. Sanalire. Bambo atazimiririka, anapumira m'mwamba.

"Ndawaona," anatero. "Mulamu, auzeni akuluakulu. Tsopano tikhoza kumeta."