Chitenje Chimene Ndinaveka aKochi

Inu owerenga, ine ndine mayi wokondwa. Ndinabadwa ndikuseka, ndinakula ndikuyimba, ndipo ukalamba wandipeza mano ali panja. Koma chimwemwe changachi, ee chimwemwe changachi, chinagwetsa munthu amene anali atangoyamba kudzuka. Ndinabetcha pa mpira wa ana, ndinawina, mphoto yanga n'kukaveka munthu amene samayenera kuikhudza ngakhale ndi chala. Sindikunena ndi misozi ayi. Ndikunena mutu uli m'mwamba, kuti inu mumve bwino, musadzaponde pomwe ndinaponda ine.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandiitanitsa kuchoka ku Dedza kuti ndidzalere mdzukulu, poti iye amasamalira okalamba, kuchoka m'mawa kubwera madzulo. Tinkakhala ku Scarborough, kunja kuno kwa azungu, m'nyumba zosanja zija, pamwamba penipeni pomwe mbalame zimauluka m'munsi mwako. Mdzukulu wanga Tamanda anabadwira konkuno. Ndikamuyankhula Chichewa amamva, koma poyankha ndi Chingerezi chokhachokha, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndamva. Timamvana choncho, timakondana choncho.

Chisanu chitatha, udzu utabiriwira, Tamanda anandikokera kupaki kuti ndikaone mpira wake. Ine ndimayesa wamiyendo, mwina wamanja. Ayi ndithu, besibo. Wina aponya kampira kolimba ngati mwala, wina akamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi mpaka kubwerera pomwe anayambira. Ukaphonya katatu, watuluka. Tamanda anali woponya, mtsikana yekhayekha pakati pa anyamata. Ndipo poponya, amayi inu, kadzanja kaja kamalira ngati mkwapulo!

Amene anamuphunzitsa ndi bambo wina wamtali, wa imvi m'mbali mwa makutu, amene tonse tinkangowatchula kuti aKochi. Sankakalipa, sankakuwa. Ankagwada pafumbi n'kumamuyika mwana zala pampira, chala chimodzi chimodzi, monga mmene timaphunzitsira mtsikana kugwira lichero. Mbiri yawo anandiuza mwana wanga tsiku lina tikutsuka mbale. Akuti kale anali katswiri wa m'mabwalo akuluakulu, dzina lomveka pawailesi, nkhope yawo pa timakhadi tomwe ana amasunga. Kenako anagwidwa akubetcha pa masewera a timu yawo yomwe. Anawathamangitsa mu mpirawo moyo wawo wonse. Zithunzi zawo zinatsitsidwa m'makoma, anzawo anabalalika, iwo n'kutsikira kugalaja, kumasintha matayala. Makolo a komiti ya timu yathu anawalola kuphunzitsa ana mwaulere, koma anawapatsa lamulo limodzi lokha: mawu oti kubetcha asadzamvekenso pafupi ndi dzina lawo.

Ndinamva, inu owerenga. Sindinganame kuti sindinamve. Koma m'mutu mwangamu juga inali ya amuna a makhadi kuseri kwa msika, ya malipiro othera pamphasa, ya ana ogona ndi njala. Zathu za amayi zija, zoti timu yanga ikagonja ndikupatsa nkhuku, sindinkaziwerengera n'komwe. Kwathu umenewo ndiye mchere wa mpira.

Ndinali ndi mnzanga, anaTembo a ku Chipata, amene tinadziwana kutchalitchi. Mdzukulu wawo ankasewerera timu ya ku Markham, dera loyandikana ndi lathu, ndipo masewera otsiriza a chilimwe chimenecho anagwera ife ndi iwo. Anafika pabenchi atamanga chitenje chatsopano cha mawanga a nkhanga, akununkhira, akuyenda monyang'wa.

“Imwe amai, kamtsikana kanu ako tizakamenya lelo, muzalila,” anatero.

“Inu a ku Zambia mumatha pakamwa pokha,” ndinawayankha. “Ngati mukulimba mtima, ikanipo chitenje mwamangacho.”

“Naika! Nanga imwe?”

Ine ndinavula mpango wanga wakumutu, umene ndinavala paukwati wa mwana wanga, n'kuuyala pabenchi. Tinagwirana chanza, tinaseka mpaka azungu otizungulira anaseka nafe osadziwa choseketsa.

Mpira unavuta, unavuta. Uku amenya, uku amenya. Womaliza kugwira chibonga anali mdzukulu wa anaTembo yemweyo, kamnyamata ka mapewa ngati ng'ombe. Tamanda anayang'ana kwa aKochi, aKochi anangogwedeza mutu. Anaponya, kamnyamata kanaphonya. Anaponyanso, kanaphonyanso. Kachitatu kanamenya mphepo mpaka kuzungulira ngati nguli. Basi, twawina!

Ndinaimba nthungululu mpaka agalu a m'pakimo anauwa. Ndinawamasula anaTembo chitenje chija m'chiuno, iwo akuseka akutukwana, ine ulendo wa m'bwalo, mawondo atayiwala nyamakazi, ndikuyimba:

Waponya Tamanda, waponya ee,
a ku Markham kagoneni, mawa kuliko!

Kwathu gule akakoma timafupa wang'oma, chifukwa mwendo umatsata ng'oma. Ndiye ndinati wang'oma wanga ndi uyu. Ndinapita kwa aKochi, ndinanyanyamphira poti ndi aatali, chitenje chija paphewa. Anaseka. Kanali koyamba kuwaona mano bambo aja. Makolo anatizinga akuomba m'manja, mayi wina ali ndi kamera. Mayiyo anafunsa Tamanda kuti nsaluyi ikutanthauza chiyani, Tamanda n'kufunsa ine.

“Uwauze,” ndinatero mokweza, “kuti ndinabetcha, ndawina, ndipo ili ndi gawo la aKochi!”

Mwana anamasulira zonse, osasiya liwu, chifuwa chili panja chifukwa chonyadira agogo ake. Makolo anasiya kuomba m'manja. AKochi anachotsa chitenje chija pang'onopang'ono, ngati munthu amene wadzuka n'kupeza njoka pakhosi, n'kuchiyika pabenchi. Koma kamera inali italira kale.

Titafika kunyumba, mwana wanga asanavule n'komwe nsapato za kuntchito, Tamanda anamufotokozera. Mwana wanga anatembenukira kwa ine. “Amayi,” anatero, “mwawapha bambo aja.” Ine ndinati, ndi chitenje? Iye anati, ndi chitenje.

Sabata isanathe komiti inawaimitsa aKochi. Chithunzi chija chinayenda m'manja mwa makolo, a timu yathu ndi a ku Markham omwe. Tamanda anaponya gulovu yake yowakhira mpira pansi pa bedi, ndipo ngakhale Chingerezi chija anasiya kundipatsa. Nyumba inazizira chilimwe chisanathe.

Koma ine si mayi wobisala m'bulangete. Ndikaswa mphika ndimatola ndekha mapale. Ndinauza mwana wanga kuti apemphe tchuthi, ndinakawatenga anaTembo, tonse atatu ulendo kumsonkhano wa komiti, m'kachipinda ka kuholo ya m'dera lathu. Ndinaimirira, ndinayankhula, mwana wanga akumasulira. Ndinati tinene chatsitsa dzaye: wobetcha ndine, woluza ndi awa, aKochi sanadziwe kanthu. Ndinawaonetsa mmene timafupira kwathu, mpaka ndinavinako pang'ono kuti amvetse. AnaTembo anaikira umboni, ati chitenje n'changa ndipo chikundiwawabe. Anthu aja anaseka, anatipatsa khofi.

Wapampando, mayi waulemu kwambiri, anandigwira dzanja. Anati agogo, tikukukhulupirirani, palibe amene akukayika. Akanakhala mphunzitsi wina aliyense tikanangoseka n'kupachika chithunzicho pakhoma. Koma awa ayi. Pali makolo amene anavomera monyinyirika poyamba pomwe, ndipo tsopano akuti aKochi akabwerera, ana awo achoka.

Mwamva, inu owerenga? Akanakhala wina aliyense. Munthu amene anagwidwapo ndi mbuzi ya eni, akangodutsa pafupi ndi khola atanyamula chingwe, mudzi wonse umadzuka. Chingwe chimenecho ndinawanyamulitsa ndine.

Loweruka lotsatira ndinamuuza Tamanda kuti ngakhale wandikwiyira, pakamwa pake ndikupafuna, akandimasulire. Tinakwera basi, tinatsika, tinakweranso ina, mpaka kugalaja kuja. Tinawapeza aKochi atagona pansi pa galimoto. Atatuluka, ine ndinagwada pasimenti ya mafuta ija, ndi diresi yanga ya kutchalitchi, n'kuwomba m'manja monga timachitira kwathu. Anadzidzimuka, anandidzutsa msangamsanga, manja awo akuda n'kundidetsa m'zigongono.

Anayankhula motsitsa, Tamanda akumasulira maso ali pansi. Anati ndisadzisenzetse katundu yense. Anati iwonso tsiku loyamba kubetcha ankati n'zocheza, kakang'ono chabe, kongokometsera masewera. Anati dzenjelo anakumba okha kalekale, ine ndangowagunda ali m'mphepete. Ine ndinati ayi bambo, kukumba munakumba inu, koma kugunda ndagunda ine, aliyense anyamule wake.

Kenako anatembenukira kwa Tamanda n'kumufunsa ngati akuponyabe. Mwana anapukusa mutu. Apo ndiye ndinawaona atakwiya, koyamba ndi komaliza. Chingerezi chake sindinachimve, koma mkwiyo sufuna womasulira. Analowa m'kachipinda, anatuluka ndi kampira kakale kothothoka ulusi, anatitengera kuseri kwa galaja, anaimika tayala kukhoma, n'kuloza pabowo. Tamanda anaponya akulira. Anaponyanso akulira. Pomwe tinkachoka anali akuseka, ndipo m'basi anagona paphewa langa.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinali kuseri kwa galaja. Komiti sinasinthe maganizo, ndipo m'bwalo la ana aKochi sanapondemonso. Anabwera mphunzitsi wina, mnyamata wabwino ndithu, wa mluzu ndi chipewa chatsopano. Koma aliyense amene ali ndi maso amaona kuti Tamanda akagwira mpira, zala zimene zili pamenepo ndi za aKochi. Dzina lawo anafufuta m'makoma, koma m'dzanja la mwana uja analephera.

Tsono mverani, inu amene ana anu akukuitanitsani kunja kuno. Bweretsani nyimbo zanu, bweretsani nthungululu, musasiye kalikonse pabwalo la ndege. Koma musanafupe munthu, funsani kaye chilonda chake chili pati, chifukwa mchere umene umakometsa ndiwo ndi womwewo umene umawawa pabala. Ndipo mwana wanu akakuuzani mbiri ya munthu mukutsuka mbale, imitsani mbalezo, mumve ndi makutu onse awiri.

Ndi inunso anyamata amene mwapatsidwa mwendo, mwapatsidwa dzanja, amene anthu amakuimbirani m'mabwalo: musabetche pa munda umene mumadyapo. Musati n'kakang'ono. Mudzasiya, mudzalapa, mudzamera imvi muli wolungama, koma tsiku lina kagogo kokondwa kadzakuvekani nsalu, ndipo anthu sadzaona nsaluyo, adzaona zakale zanu.

Chilimwe chotsatira, Tamanda akusewera, ndinawaona aKochi ataima kunja kwa mpanda wa waya, m'mphepete mwa msewu, manja m'thumba, ngati munthu wongodutsa. AnaTembo anali atandisungira malo pabenchi, pamthunzi, pabwino. Ndinawathokoza, ndinanyamula kampando kanga, ndinatuluka pageti. Makolo ena anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso. Ndinakakhala padzuwa, pambali pa bambo aja, ndipo mpaka lero mpira wa mdzukulu wanga ndimaonera pamenepo.