Kamtanda ka Ulusi Wofiira

Azakhali anga anayamba kusoka zovala ine ndisanabadwe, ndipo makina awo ndi omwewo mpaka lero, akuda, opalasa ndi mwendo. Amasokera m'kachipinda ka kutsogolo, zenera lili chitsegulire kuti aziona odutsa mumsewu ndi kudzudzula kavalidwe kawo. Munthu akadutsa atavala buluku lalitali mwendo umodzi, ndiye kuti tsiku lawo lawonongeka. Sanakhale ndi mwana wawowawo. Ana a abale awo tonsefe tinakulira pansi pa tebulo lawo tikutola mapini, ndipo ine ndinachedwa kuchokapo kuposa anzanga.

Kumpingo kwathu achinyamata amapita chaka ndi chaka kudziko lina, ulendo wa pabasi wodutsa malire, kukatumikira pa sukulu ina ya pulayimale. Amakapenta makalasi, kuphunzitsa nyimbo, kusewera mpira ndi ana, ndi kugawa mayunifolomu kwa amene alibe. Wosoka mayunifolomuwo anali Azakhali. Zosoka mongoyerekeza ngati za m'sitolo sankazifuna. Ankati mwana wa munthu si thumba la simenti. Choncho anaphunzitsa achinyamatawo kuyeza mwana aliyense ndi chingwe. Achinyamatawo ankamanga mfundo ya mapewa, ya chifuwa ndi ya msinkhu, ndipo kunsonga ankamangako kansalu kosiyana ndi ka ena kuti mwini chingwe azidziwika. Zingwezo zikafika, Azakhali ankasoka akuwonjezerapo pang'ono, poti chovalacho chinkakafika chaka chotsatira mwana atakula. Pa kuwonjezerako sankaphonya, ndipo ankadzitama nako opanda manyazi.

Pomaliza, pa thumba la chovala chilichonse ankasokapo kamtanda ka ulusi wofiira. Palibe anawatuma. Ankati mwana akagwidwa ndi mantha m'kalasi adzagwira pamenepo n'kukumbukira kuti kwinakwake kuli munthu amene amamupempherera.

Panali chingwe chimodzi, cha kansalu ka maluwa achikasu, chimene Azakhali anachikonda kuposa zonse. Chinali cha mtsikana, ndipo chaka chilichonse chinkabwera chitatalika modabwitsa, mpaka anamutcha Kamtali. Ankamukamba ngati mwana wa m'nyumba. Lero akuti Kamtali watsala pang'ono kutha msinkhu, mawa akuti Kamtali adzakhala namwino chifukwa mapewa ake ndi a munthu wodekha. Ife tinkaseka, iwo ayi.

Chaka chimene ndinalowa m'gululo, chingwe cha Kamtali sichinabwere ndi zinzake. Opita ulendo wapitawo anati mwina mwanayo anadwala tsiku loyeza. Azakhali anamusokerabe diresi mwa m'mutu, kenaka analengeza kuti akamuveka okha ndi manja awo. Mtsogoleri wathu, amene tinkamutcha Aleluya chifukwa ngakhale tayala liphwe ankayamba ndi mawu amenewo, anayesa kuwakumbutsa kuti ulendowu ndi wa achinyamata. Iwo anamufunsa kuti suti ya ukwati wake anasoka ndani, nkhani n'kuthera pomwepo.

Titafika, ana anatilandira ali pamzere pabwalo la sukulu, akuimba nyimbo zathu m'chilankhulo chawo. Kutsogolo kunali a mayunifolomu a Azakhali, timitanda tili psuu pa zifuwa. Anzanga ena anagwetsa misozi, mafoni ali m'mwamba. Azakhali anayenda mumzere kufunafuna mtsikana wamtali, osamuona. Kenaka anayamba kugwira zovalazo, kutembenuza makolala, kununkhiza, ine n'kumachita manyazi m'malo mwawo. Anandinong'oneza kuti zovalazi sizivalidwa. Kolala ya mwana wa sukulu imaperepeseka chaka chisanathe, koma izi zinali ndi mizere ya popinda ndi fungo la m'sutikesi.

Panali mphunzitsi wina wamkazi amene ankadziwako chilankhulo chathu ndipo ankatimasulira. Azakhali anamupanikiza ndi mafunso a zovalazo ndi a mwini kansalu ka maluwa achikasu, m'kalasi mopanda anthu, ine ndili pakhomo nditanyamula chikwama chawo. Mphunzitsiyo anazembazemba, kenaka anatopa n'kunena zonse. Pa sukulupo kamtanda kofiira kanasanduka chizindikiro cha umphawi. Aliyense wokavala anzake ankamutcha wopemphapempha, ndipo nthawi yopuma ankamutambasulira manja momunyoza. N'chifukwa chake ana ambiri ankasunga chovalacho n'kumabwera ndi nsanza zawo, kudikira tsiku lofika ife. Koma amayi ake a Kamtali ankati chovala chabwino sichigona m'sutikesi, ndipo ankamukakamiza kuvala tsiku lililonse. Mtsikana wamtali alibe pobisala. Anapirira zaka zingapo, kenaka anasiya sukulu, ngakhale kuti masamu ankawakhoza kuposa onse.

Azakhali anafunsa kuti nanga bwanji zaka zonsezi palibe anatiuza. Mphunzitsiyo anati mlendo ndi mame, umamusekerera podziwa kuti mawa wapita, komanso ankaopa kuti tikakhumudwa sitidzabweranso. Ine ndinapsa mtima, koma sindinadziwe womukwiyira. Tinkabwera ndi nyimbo, penti ndi mapemphero, koma funso lokha ndilo tinkaliiwala kunyumba, ndipo safunsa anadya phula.

M'mawa mwake anzanga anali pabwalo kuyeza ana ndi zingwe zatsopano, kuseka kuli ponseponse. Azakhali anakhala m'kalasi ndi lezala, akuchotsa timitanda pa zovala zonse zimene tinabwera nazo. Aleluya atawapeza anawafunsa ngati ayamba kuchita manyazi ndi mtanda wa Ambuye.

"Mtanda munthu amasenza yekha, mwanawe," anatero osakweza mutu. "Ine ndinasenzetsa ana a eni."

Aleluya anatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba anasowa mawu ake aja.

Cholinga cha Azakhali tsopano chinali chimodzi, choti Kamtali abwerere kusukulu. Masana mphunzitsi uja anatitengera pa depoti ya mabasi, pamene mtsikanayo ankagwira ntchito yotsuka mbale kuseri kwa malo odyera. Tinadutsa pakati pa makatoni ndi madzi akuda, n'kumupeza atawerama pa beseni. Ataweramuka ndinaona kuti analidi wamtali, ndipo mapewa ake anali mmene Azakhali ankanenera. Anapukuta manja n'kutipatsa moni mwaulemu. Mphunzitsi anamuuza kuti mayi awa ndi amene akhala akumusokera.

Azakhali anatulutsa diresi lija. Anapepesa, n'kumuonetsa thumba kuti kamtanda kachoka, ndipo anamupempha kuti abwerere m'kalasi. Kamtali anatenga diresilo n'kulikweza padzuwa. Ulusi unalidi utachoka, koma timabowo ta singano tinatsala, ndipo mtandawo unkaonekabe kwa aliyense wodziwa poyang'ana. Analipinda bwinobwino, kuposa mmene ine ndimapindira, n'kuwabwezera.

Analankhula motsitsa mawu, mphunzitsi akumasulira. Anati sakuwasungira mangawa, koma kusukulu sabwerera, chifukwa anzake anapita patsogolo ndipo iye sangakhalenso pa benchi limodzi ndi tiana.

"Chaka chilichonse ndinkapemphera kuti diresi lanu lindithine, Amayi, kuti ndipeze chonena kunyumba," anatero. "Koma linkandikwana ndendende."

Azakhali anakhala pa katoni imene inali pafupi. Ndinamva chisoni chimene ndinali ndisanamvepo, chifukwa chimene iwo ankanyadira moyo wawo wonse ndi chimene chinamutsekera mwanayo pothawira. Anafunsa ngati pali chilichonse chimene angamuchitire. Kamtali anati chilipo chimodzi. Ali ndi mng'ono wake amene wangoyamba kumene sukulu, ndipo anapempha kuti ameneyo asamusokere kanthu, kaya pali mtanda kaya palibe, chifukwa ana amadziwa amene waitanidwa kutsogolo tsiku la alendo. Mphunzitsi anatiuza pambali kuti kamwanako kalibe yunifolomu ndipo kamabwera ndi malaya ong'ambika a mkulu wake. Azakhali analonjezabe.

Kamwanako anzanga anali atakayeza kale m'mawa uja. Tisananyamuke, mphunzitsi anasanthula m'thumba la zingwe n'kutulutsa chake, chachifupi kuposa zonse. Masiku otsalawo Azakhali anathandiza kupenta makalasi, koma sanaimbe nawo nyimbo ina iliyonse.

Pobwerera anzanga ankaonetsana zithunzi ndi kukonza zokanena kumpingo za mmene Mulungu watigwiritsira ntchito. Azakhali anakhala kuzenera, kachingwe kaja kali pamiyendo. Anayamba kumasula mfundo zake ndi zikhadabo, ndipo zinali zolimba chifukwa anatiphunzitsa okha kumanga zosamasuka. Zinawatengera mtunda wautali. Atamasula yomaliza anakawongola kachingweko pa bondo, n'kutembenukira kwa ine.

"Nanga mwanayu chaka chamawa adzavala chiyani?"