Shafuti Yosambitsidwa ndi Dothi

Mapepala onse a nthawi imene ndinkagwira ntchito pa galaja ina ku Balaka ndikadali nawo, ngakhale makhadi a chipani amene tinkagula chaka ndi chaka. Choncho aliyense wonena kuti ine ndinkasambitsa zitsulo mwa kufuna kwanga abwere kuno tidzakambirane.

Ntchito yanga inali pa makina osema zitsulo. Chitsulo chikamasemedwa chimatentha, ndipo ukapanda kuchithirira mpeni umabuntha. Eni galaja ankafuna tizithira oyilo wakutha wa m'magalimoto, koma utsi wake unkatitsokomoletsa ngati tikusuta chingambwe. Madzi a sopo ankachititsa dzimbiri. Ine ndinalimbikira kuti tigule mafuta apadera osungunuka m'madzi, amene ukasakaniza amayera ngati mkaka. Madzi a pamjigo wathu anali amchere, ndipo mkakawo unkangodukaduka, ndiye ndinkasunga madzi amvula mu diramu yanga yokhoma ndi loko. Anthu ankaseka. Koma chitsulo chinkatuluka chosalala, munthu n'kudziwonerapo mano.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa Chisilamu wochokera ku Nsanama, mwini chigayo. Shafuti ya chigayo chake, chitsulo chachitali chimene chimazungulira m'kati mwake, inali itadyeka, ndipo anthu anali atayamba kukolola. Ndinamusemera yatsopano iye ali chiimire pambali panga, kuyang'ana mkaka uja ukuyenderera.

Pamenepo mnzanga wowotcherera zitsulo, munthu amene pakamwa pake sipankazizira, anadutsa n'kunena kuti, “Mkaka umenewotu azungu amapangira mafuta a nkhumba.”

Bambo uja anachita kudumpha chafutambuyo.

“Amisiri, zoona zimenezi?”

“Iyayi, bambo, ameneyu ndi wamisala. Utsi unamulowa m'mutu.”

“Mungalumbire?”

Ndinatenga chitini cha mafuta osungunuka aja n'kuwerenga mbali zonse, ndi pansi pomwe. Chinkangonena za kasakanizidwe basi, osatchula nkhumba, ng'ombe, ngakhale mbuzi. Ine sindilumbira pa chinthu chimene sichinalembedwe, ndipo ndinamuuza choncho.

“Ndiye tamverani,” iye anatero. “Azimayi akwathu akangomva kuti m'chigayo changa muli chitsulo chosamba nkhumba, chimanga chonse chipita kwa mnzanga wa patsidya pa msewu. Ine ndizigaya mphepo?”

“Komatu shafuti simudya.”

“Inu mudzapite mukawauze zimenezo.”

Anafotokoza kuti mwa chipembedzo chawo, chinthu chokhudzidwa ndi nkhumba chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Atatero anawerama n'kutapa mchenga wa pabwalo la galaja, wosakanikirana ndi timiyala ndi nyenyeswa za zitsulo. Pamalo pokhala bering'i, mkombero wachitsulo umene shafuti imazunguliramo, ndinali nditasalaza mpaka msana kuwawa, ndipo pakangokalika pang'ono shafuti imayamba kugwedera, chigayo n'kufanso mwezi usanathe.

“Bambo, ikani pansi mchengawo! Lamulolo likuti dothi lake likhale la miyala?”

Anaganiza kaye. “Likungoti dothi loyera.”

“Nanga likuti wotsuka akhale ndani?”

“Aliyense, bola ine ndione.”

Ndinapita pachulu kuseri kwa galaja, n'kusinja dothi, kulisefa pa mpango wanga wa m'thumba mpaka linafewa ngati ufa woyera. Kenako ine, mmisiri wa satifiketi ya boma, ndinagwada pansi ndi beseni n'kuyamba kusambitsa shafuti ngati khanda, ndi madzi anga amvula omwe aja. Bambo uja ankawerenga mokweza. Wowotcherera uja anaitana anthu a m'basi imene inkakonzedwa tayala kuti adzaonerere, ndipo mayi wina anandilangiza kuti ndisaiwale kukhosi.

Nditamaliza ndinaipukuta, kuiyanika padzuwa, n'kuidzoza mafuta a mtedza ogula pamsika, mwiniwake akuona. Ndinayesa bering'i. Inalowa mothina bwinobwino, osagwedera ngakhale pang'ono.

Patapita sabata bamboyo anabweranso, nkhope ili ngwee. Anati chigayo chikulira usana wonse, ndipo azimayi akuchokera mpaka ku Chikweo atamva kuti chitsulo chake chinatsukidwa pamaso pa mboni. Kumbuyo kwake kunali anzake awiri a zigayo, aliyense atanyamula shafuti paphewa, wina atabweretsa ndi dothi lake lomwe m'kathumba, losefasefa kale.