Tsiku Limene Mwaiwathu Anadziwa Kuti ndi Bwana

Mwaiwathu Nkhoma anafika ku Dublin mu 2015 ndi chikwama chimodzi ndi juzi yopyapyala. Kwawo ku Luchenza ankagulitsa zitenje pamsika. Kuno anakhala zaka zitatu mu hostel ya anthu opempha malo okhala, osaloledwa kugwira ntchito iliyonse, kungodikira yankho la boma. Mapepala atatuluka anaphunzira ntchito yosamalira okalamba, nalembedwa panyumba ina ya okalamba ku Crumlin. Kumeneko amamudziwa ndi phwete lake. Akaseka kukhitchini, agogo a kuchipinda chomaliza amaliza belu kufunsa chachitika.

Anakwatiwa ndi Frackson, woyendetsa vani ya katundu ku Citywest, ndipo anabereka mapasa, Kimberly ndi Jared. Tchuthi cha uchembere chitatha, mutu unaima. Frackson ankanyamuka six, iye ankakwera mabasi awiri kuchokera ku Ballymun kumene ankakhala, ndipo malo onse osiyako ana anali odzaza.

Amene anawapulumutsa ndi mayi Clotilda Mulenga, a ku Chipata, omwe ankaimba nawo kwaya kutchalitchi. Ana awo anali atakula kale. Anagwirizana kuti azibwera kunyumba kudzalera mapasawo masiku atatu pa sabata, ndipo Lachisanu lililonse Mwaiwathu ankawatumizira ndalama pafoni. Onse ankaziona ngati za kwathu: mnzako akakugwirira mwana, umamupatsa ya sopo.

Zinayenda bwino chaka ndi theka. Kenako m'mawa wina wa Januwale mayi Clotilda anaterereka pa ayisi potsikira basi, nathyoka dzanja. Atapita kuboma kukapempha chithandizo cha ogwira ntchito amene adwala, anafunsidwa kumene amagwira. Ananena zoona. Kunapezeka kuti palibe msonkho uliwonse umene unaperekedwapo m'dzina lawo.

Kalata inafika Loweruka, mu envelopu yakhaki. Mwaiwathu ataiona pakhomo anaopa kuitsegula, poti ku hostel envelopu yotere inkatha kukukweza ndege yobwerera kwanu. Anaipereka kwa Frackson.

"Werengani inu. Ine sindingathe."

Frackson anawerenga kawiri. "Si za mapepala ayi. Ndi a msonkho. Akuti unalemba munthu ntchito m'nyumba mwako, ndiye uyenera kulipira two thousand three hundred euro."

"Sakundithamangitsa?"

"Ayi. Akuti ndiwe bwana wa mayi Mulenga."

Mwaiwathu anakhala pansi pamasitepe n'kuyamba kuseka mpaka misozi. "Ine? Amene ndinkaletsedwa ngakhale kusesa mu shopu? Lero boma likunditcha bwana!"

"Seka bwino," anatero Frackson. "Ubwanawo uli ndi mtengo wake."

Madzulo ake mayi Clotilda anabwera, dzanja lili m'chikhakha, nkhope ili pansi. Anakana ngakhale tiyi.

"Amake mapasa, nakuletelani mavuto. Nikachila sinizabwelako, mupeze wina."

"Anti, musandilankhule zimenezo," anayankha Mwaiwathu. "Ana awa anayamba kuyenda mutawagwira dzanja ndinu. Olakwa ndife, amene sitinafunse malamulo a eni dziko."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi Mwaiwathu anakoka a Douglas, akauntanti wa ku Lusaka amene amaimba besi, n'kuwaonetsa kalata ija mu holo ya tiyi. A Douglas anafotokoza mosavuta: munthu akamalera ana m'nyumba mwako, pa maola amene wamuikira iwe, ndi wantchito wako. Uyenera kulembetsa, kumudula msonkho, kuwonjezerapo gawo lako, ndi kumupatsa kapepala ka malipiro.

"Ndiye ndiyamba kugulitsa mandasi pano," anatero Mwaiwathu.

"Gulitsani, achemwali. Koma amenewonso ali ndi msonkho wake."

Holo yonse inagwa nako kuseka. Amayi awiri amene anakhala pakona anasendera pafupi, nayamba kufunsa a Douglas mafunso a "mnzawo wina" amenenso ali ndi wolera ana.

Lolemba Mwaiwathu anaimba foni ku ofesi ya msonkho pa nthawi yopuma. Anali atakonzeka kukalipiridwa, koma mayi amene anayankha anavutika ndi dzina lake lokha, naliyesa katatu mpaka onse awiri anaseka. Anamulola kulipira pang'onopang'ono kwa chaka. Mwaiwathu anatenga shifiti yowonjezera Loweruka limodzi pa mwezi, ndipo Frackson anaimitsa kaye zogula galimoto.

Dzanja litachira, mayi Clotilda anabwerera. Lachisanu loyamba Mwaiwathu anawapatsa kapepala ka malipiro atagwada, ndi manja awiri, ngati akupereka mphatso kwa apongozi. Iwo anavala magalasi nawerenga mzere uliwonse, kenako anakapinda bwino n'kukaika m'Baibulo.

"Manje, abwana," anatero, "a Douglas ananiuza kuti wanchito ali na tchuthi cholipilidwa. Mwana wanga wabeleka ku Chipata. Nifuna masabata atatu mu August."

Mwaiwathu anatembenukira kwa Frackson, amene anali pakhomo la khitchini ndi Jared paphewa, Kimberly atakangamira mwendo wake.

"Mwamva, bambo a mapasa? Pitani mukapemphe tchuthi chanu."

Mu Ogasiti mayi Clotilda anakwera ndege ndi masutikesi awiri odzaza zovala za khanda. Frackson anakhala ndi ana masabata atatu, ndipo pofika sabata lachiwiri anali atadziwa kuluka tsitsi la Kimberly, ngakhale mizere yake inali yokhota.